Mmene mungayambitsire kagulu koonera Columbo ndi Hart to Hart, mpaka kudzawerenga Love Letters patebulo panu

Anzanga akamva kuti ndimaonera Columbo, mafilimu a pa TV a ku America a wapolisi wofufuza milandu ya kupha, amaseka, eti mwakalamba msanga bwanji inu, mafilimu a 1971 pamene ma series atsopano ali mbwee pa foni. Ine sindilimbana nawo, ndimangoti bwerani Loweruka mudzaone nokha, ndipo amene anabwera ulendo woyamba uja atakwinya nkhope ndi omwewo pano akundisowetsa mtendere pa WhatsApp kuti kodi mwezi uno tikumana liti. Nde ndati ndilembe mmene timachitira ifeyo, kuyambira pa Columbo, kudzera pa Hart to Hart, mpaka kukafika pa sewero lachikondi lija la Love Letters lomwe timawerenga tokha patebulo, mwina wina angafune kuyesako ndi anzake.

Musanaitane munthu aliyense mvetsani kaye ichi: zitatu zonsezi ndi za khutu. Mukayembekezera magalimoto ophulika ndi anthu othamangitsana padenga mukhumudwa, muno muli anthu awiri akulankhulana basi, wina akunama wina akumvetsera. Ife a ku Malawi izi siziyenera kutivuta chifukwa TV inabwera mochedwa kwathu kuno, Television Malawi inayamba mu 1999, ambirife tinakulira pa wailesi ya mabatire banja lonse litazungulira kumvera Sewero la Sabata Ino pa MBC, mwana akangokhosomola amvekere tatuluka panja iwe. Khutu limenelo ndi lomwe likufunika pano. Ndipo si zongoganizira ine, Columbo weniweniyo anadutsa pasiteji: Richard Levinson ndi William Link, amene anamulenga, analemba sewero lotchedwa Prescription: Murder lomwe linaseweredwa mu 1962, kenako mu 1968 ndi pamene analisandutsa filimu ya pa TV Peter Falk nkuvala chijasi cha Columbo koyamba.

Nde konzani mawu musanakonze chithunzi. Laputopu yaing'ono ilibe vuto bola mulumikize sipika yabwino, ndipo ngati pali ma subtitle yatsani, chifukwa Falk amalankhula chindudu chili kukamwa mawu ena amangomeza. Tchajani zonse masana, ife tinaphunzirira pa tsiku lina magetsi anathima Columbo atangotembenuka pakhomo, anthu khumi tinakhala mumdima tikukangana mpaka mawa lake. Za komwe mungapeze mafilimuwa, ma DVD ake alipo athunthu, ngati muli ndi wachibale ku Joni kapena ku UK mutumeni akabwera pa Khirisimasi, kapena onani pa ma app oonera mafilimu kuti kwanuko ndi iti yomwe ili nawo chifukwa zimasiyana dziko ndi dziko. Anthu asapitirire khumi, akachuluka kumbuyo kumayamba msonkhano wina wa mitengo ya feteleza. Mafoni onse mu mbale imodzi pakati. Chakudya chikhale chosasokosera, mbatata yophika, zitumbuwa, thobwa, koma chimanga chokazinga ayi ndithu, simumva kanthu.

Mwezi woyamba ndi wa Columbo, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa posankha. Onse pamodzi alipo 69, koma ali m'magulu awiri, akale a pa kanema wa ku America wa NBC omwe anatha mu 1978, ndi ena omwe anabwerera nawo pa kanema wina wa ABC kuyambira 1989 mpaka 2003. Yambani ndi akalewo. Atsopanowo ena ndi abwino koma ambiri amatalika popanda chifukwa ndipo Columbo wake amachita nthabwala mopyola muyeso, munthu woyamba kumene akhoza kuganiza kuti ndi chitsiru chenicheni, pamene nkhani yonse yagona pakuti bamboyu amangodzipusitsa dala. Ine ndimayambitsa anthu ndi Murder by the Book ya September 1971, anthu awiri olembera limodzi mabuku a zaupandu, mmodzi ndi amene amalembadi winayo amangodya ndalama ndi kutchuka, nde wolembayo akuti ine ndatopa ndiziyenda ndekha, mnzakeyo nkumukonzera chiwembu. Wakuphayo amasewera ndi Jack Cassidy, munthu womwetulira mwaulemu moti ukhoza kumubwereka ndalama usanafunse dzina. Amene anatsogolera kujambula filimuyi anali mnyamata wa zaka 24 dzina lake Steven Spielberg, asanatchuke. Mukawauza anthu zimenezi amakhala tsonga.

Achenjezeni alendo anu chinthu chimodzi: Columbo sabisa wakupha. Mphindi khumi ndi zisanu kapena makumi awiri zoyambirira mumaona nokha mmene munthu akukonzera, mmene akuphera, mmene akufufutira mapazi ake, ndipo nthawi yonseyo wapolisi wathu sanaonekebe. Mukapanda kuwauza wina amadzuka nkumati aaa nde atiululira kale, tikuoneranji. Funso pano si lakuti wapha ndani koma agwidwa bwanji. Nde masewera athu ndi awa: wakupha akangomaliza ntchito yake, Columbo asanafike, imitsani filimu. Aliyense atenge kapepala alembe pomwe akuona kuti munthuyu walakwitsa, kaya ndi foni imene anaimba, kaya ndi nthawi ya pa wotchi, kaya wachotsa chinthu chomwe sichimayenera kuchoka, apinde kapepalako aponye m'chipewa. Osakambirana. Pamapeto mutsegula, amene walasa sakatsuka nawo makapu. Zikuoneka zachibwana koma zimasintha kaonedwe konse, munthu amayamba kuyang'ana manja a wosewera, amayamba kumvetsera mawu aliwonse, ndipo mudzadabwa kuti amene amapambana kawirikawiri si ophunzira kwambiri aja ayi, kwathu ndi azakhali anga ogulitsa kaunjika, akuti munthu wonama amamudziwira poyankha funso lomwe sanafunsidwe.

Ndipo azakhaliwo sakunama, ndi mmene Columbo amagwirira anthu. Amafika ndi chijasi chamakwinya, chomwe chinali cha Falk mwini wake, kagalimoto kake ka Peugeot 403 kothaitha, nthawi zina ndi galu wa makutu olendewera yemwe dzina lake ndi Dog basi, mfuti sayenda nayo, amapempha pensulo kwa munthu yemwe akumufufuzayo, nkuyamba kusimba za akazi ake omwe sitinawaonepo nkhope ngakhale kamodzi. Anthu amene amawafufuza ndi olemera a ku Los Angeles, madokotala, oimba, eni makampani, nde amamuyang'ana ngati wantchito wa kumunda amene walowa pabalaza ndi nsapato zamatope. Iye amavomera kunyozekako, amapepesa, amatsanzika, akafika pakhomo nkutembenuka kuti pepani bwana, pali kanthu kamodzi kokha kakundivuta. Wolemera uja pofuna kuonetsa nzeru amayamba kumuthandiza kufotokoza, ndipo kufotokozako ndi komwe kumamumangitsa. Uzani anthu anu aziwerenga kangati wakupha akupereka yankho asanafunsidwe. Kayang'anidwe kake kaja kotsinzinira mbali imodzi si kochita kupanga, Falk anachotsedwa diso lakumanja ali ndi zaka zitatu chifukwa cha khansa ndipo ankavala lagalasi.

Mukafuna wachiwiri, kwa anthu opemphera ikani Swan Song ya 1974, mmene Johnny Cash amasewera woimba nyimbo zauzimu amene akufuna kuthana ndi mkazi wake yemwe wagwira chikwama cha ndalama, mudzamva ndemanga zake pabalazapo. Koma yomwe ine ndimaikonda kuposa zonse ndi Any Old Port in a Storm ya 1973, Donald Pleasence ngati mkulu wopanga vinyo amene m'bale wake wa mimba ina akufuna kugulitsa munda womwe makolo anasiya. Mkangano wa malo amasiye, abale, palibe amene amafuna kumasuliridwa. Chomwe chimandigwira mtima ndi chakuti Columbo amamukonda munthuyu, amakaphunzira za vinyo kuti azitha kucheza naye, ndipo pomaliza amamwera limodzi m'galimoto asanapite naye kupolisi. Tsiku limenelo palibe anafunsa za makapu.

Wina adzafunsa za Murder, She Wrote, mayi wamasiye uja Jessica Fletcher wa Angela Lansbury, 1984 mpaka 1996, ma episodi 264. Ndi yabwino ndipo Levinson ndi Link anaikamonso dzanja, muikeni tsiku lomwe mukufuna masewera olosera wakupha. Ine ndimangodabwa kuti anthu ankamuitaniranji mayi ameneyu ku maukwati, poti kulikonse wafika maliro.

Mwezi wachiwiri lowani Hart to Hart, ndipo tsitsani chiyembekezo pa nkhani ya kufufuza. Ndinene chilungamo, milandu yake ndi yofewa, wakupha umamudziwa akangolowa pakhomo, kapepala m'chipewa pano sikagwira ntchito. Inayenda pa ABC kuyambira 1979 mpaka 1984, Robert Wagner ngati Jonathan Hart mpondamatiki wodzipezera yekha chuma, Stefanie Powers ngati mkazi wake Jennifer yemwe ndi mtolankhani, kuphatikiza Max wa mawu okhakhala uja, Lionel Stander, amene amawayendetsa, kuwaphikira ndi kuwasamala, ndi kagalu kaubweya Freeway. Ganizo lake linachokera kwa Sidney Sheldon, yemwe mabuku ake ambirife tinkabwerekana ku sekondale chikuto chitathothoka. Chomwe anthu amaikondera mpaka lero ndi banja lija. Awiriwa sanyozana, sabisirana, palibe chibwenzi chamseri, mwamuna amafunsa maganizo a mkazi nkuwatsatira, amaseka limodzi ngakhale atamangidwa zingwe m'chipinda chapansi. Nde masewera a mwezi uno asinthe: aliyense asankhe mphindi imodzi yomwe awiriwa anauzana chinthu popanda kuchitchula, kaya ndi diso kaya ndi nthabwala, ndipo akafotokoze pamapeto. Episodi iliyonse sifika ola, mukhoza kuonera awiri. Itanani anthu ndi akazi awo ndi amuna awo, koma dziwani kuti pobwerera kunyumba ena akafunsidwa mafunso, mlamu wanga anandiimbira mmawa mwake kuti aise mwandiika m'mavuto, akuti bwanji ine sindiwatsegulira chitseko cha galimoto, galimoto yake ndilibenso.

Chifukwa chomwe ndimadutsira pa Hart to Hart ndi chakuti ndi mlatho. Series itatha okonda awiriwa sanakhutire, anabwereranso ndi mafilimu asanu ndi atatu pakati pa 1993 ndi 1996, komanso Wagner ndi Powers anatenga sewero la Love Letters nkuzungulira nalo mizinda yambiri mpaka ku London, anthu nkumadzaza maholo kudzaona banja lawo la pa TV lija. Koma chomwe ankakapeza kumeneko ndi chosiyana kotheratu, anthu awiri okondana moyo wonse amene sanakwatirane. Mukaonetsa gulu lanu chikondi chotheka mwezi wachiwiri, mwezi wachitatu chikondi cholephereka chimawawa bwino.

Love Letters analemba A. R. Gurney wa ku Buffalo m'chigawo cha New York, linayamba kuseweredwa mu 1988, nkufika pa Broadway, kuchimake kwa zisudzo mumzinda wa New York, mu 1989, ndipo linafika nawo pa ndime yomaliza ya mphoto yaikulu ya alembi ku America ya Pulitzer. Muli anthu awiri okha, Andrew Makepeace Ladd III, amene amangomutchula Andy, ndi Melissa Gardner, ana a mabanja opeza bwino. Amayamba kulemberana ali ku pulaimale, nkhani ya phwando la tsiku lobadwa, nkupitiriza pafupifupi zaka 50: makalata a ku sukulu zogonera konko, mapositikhadi, makhadi a Khirisimasi, zoitanira ku ukwati. Andy ndi mwana womvera, yunivesite ya Yale, usilikali wa pamadzi, uloya, mpaka kukhala seneta. Melissa ndi wojambula zithunzi, wolankhula mosapsatira, wochokera m'nyumba ya ndalama zambiri koma yosweka, ndipo mowa umamudya pang'onopang'ono. Choseketsa nchakuti Melissa amadana ndi makalata, amangoti tandiimbira foni kapena bwera ndikuone, pamene Andy ndi pa pepala pokha pomwe amatha kunena za mumtima. Aliyense amene anadikirapo dzina lake kuitanidwa pa asembule tsiku la makalata ku boarding akudziwa zomwe ndikunena.

Kukonza kwake nkosavuta moti mudzakayikira. Tebulo limodzi, mipando iwiri yoyang'ana kwa anthu, makope awiri a sewerolo, madzi akumwa, nyale yowala bwino pamapepala. Palibe kuloweza, amawerenga, ndi mmene mwini wake analilembera, nchifukwa chake akatswiri otanganidwa ankalikonda, mpaka Elizabeth Taylor ndi James Earl Jones analiwerenga usiku umodzi mu December 2007 posonkhetsa ndalama zolimbana ndi Edzi. Gulani buku lenileni, limasindikizidwa ndi Dramatists Play Service, ndipo dziwani kusiyana kwake: kuwerengerana pabalaza ndi anzanu ndi nkhani ina, koma mukafuna kukalionetsa ku holo, kuitana anthu wamba kapena kudulitsa matikiti, muyenera kupempha chilolezo kwa eni ake kaye, chimodzimodzinso kulimasulira. Ku India anachita kulilemba mwatsopano mwa chikhalidwe chawo, Tumhari Amrita, Shabana Azmi ndi Farooq Sheikh nkulisewera kuyambira 1992 kwa zaka zoposa 20, nde tsiku lina wina wa kwathu kuno adzayende njira yoyenera atipatse la Chichewa, ine ndidzakhala kutsogolo. Pakadali pano timawerenga m'Chingerezi momwemo, kungoti tisanayambe mmodzi amafotokoza m'Chichewa kwa mphindi zisanu kuti anthuwa ndi ndani, Yale nchiyani, seneta ndi munthu wotani ku America, basi, osaulula mathero.

Kusankha owerenga ndi pomwe pamafunika nzeru za kumudzi. Sakani anthu a mawu omveka amene amawerenga mosathamanga, aphunzitsi, owerenga mawu kutchalitchi, anamwino opuma, ndipo akhale achikulire pang'ono chifukwa mwana wa zaka 20 sangawerenge kalata ya munthu amene wataya zaka 50. Osaphatikiza mwamuna wa mwini ndi mkazi wa mwini eni ake asanavomere, muli mawu ena a kuchipinda ndi otukwana pang'ono, ndipo pa chifukwa chomwecho ana akagone ndipo apongozi musawaike mpando wakutsogolo. Kwathu zinayenda bwino titapatsa asuweni awiri, poti iwo kunyogodolana anazolowera kale palibe anachita manyazi. Akumane kamodzi kapena kawiri kuwerengera limodzi, osapitirira apo, likazolowereka limafa.

Malamulo a Gurney mwini wake ndi ochepa ndipo atsateni. Owerenga asayang'anane, aliyense ayang'ane pepala lake kapena kutsogolo, chifukwa anthuwa sali m'chipinda chimodzi, wina ali kutali akulandira kalata. Izi zimavuta kwambiri kuposa mmene mukuganizira, munthu mnzako akanena choseketsa khosi limatembenuka lokha, nde poyeserera ikani buku loimika pakati pawo mpaka azolowere. Pa makalata a ubwana asachite kutsanzira mawu a mwana, angowerenga mopepuka. Asawonjezere mawu awo, asadumphe. Ndipo asalire, kulira asiyire omvera. Pamwamba pa izi ine ndimawonjeza langa limodzi: lemekezani pomwe pali chete. Pali malo omwe mmodzi amalemba kalata, yankho osabwera, alembanso, zii, alembanso kachitatu mawu akucheperachepera. Owerenga atsopano amaopa chete ameneyu amathamangira mzere wotsatira, auzeni awerenge chamumtima mpaka faifi asanapitirize, ndipo amene sakuyankhayo angokhala duu osamwetulira. Pamenepo ndi pomwe khutu lija munaliphunzitsa pa Columbo limagwira ntchito, anthu amayamba kumva zomwe Andy sakulemba, mmene amabisalira kumbuyo kwa ulemu ndi udindo, ndipo kalata ija ya Khirisimasi yodzitamandira za banja lake yomwe amatumizira aliyense ikafika, muone mmene azimayi pabalazapo adzasisimire Melissa asanayankhe nkomwe.

Lonse limatenga ngati ola ndi theka ndipo lili ndi magawo awiri, nde pumulani pakati, tiyi akhale atapsa kale mu fulasiki kuti anthu asabalalike. Pa nthawi yopuma musalole mkangano wakuti wolakwa ndani uyambe, udzatenga usiku wonse, auzeni asunge.

Kalata yomaliza Andy salembera Melissa, amalembera mayi ake a Melissa, ndipo ndi pokhapo pomwe wowerenga Melissa amaloledwa kutembenuka nkumuyang'ana. Muuzeni atembenuke pang'onopang'ono, kamodzi kokha. Akamaliza inu mwini nyumba musathamangire kuwomba m'manja kapena kuyatsa magetsi aakulu, khalani kaye momwemo. Kwathu achemwali anga aakulu, amene anabwera akunena kuti iwo za azungu olemberana makalata sizikuwakhudza angobwerera thobwa, anavula magalasi nkuyamba kupukuta ndi nsonga ya chitenje, amvekere utsi wa mbaulawu ukundilowa m'maso. Mbaula inali panja, itazima kalekale.